Tsiku Losamutsa Amayi

Loweruka limene banja linapangana kuti Amayi achoke m'nyumba yawo yakale akakhale kwa mwana wawo wamkazi, pa anthu asanu ndi awiri amene analonjeza kudzanyamula katundu panafika awiri okha. Mmodzi anali mwana wamkaziyo, amene abale onse ankamutcha Aphunzitsi chifukwa ankaphunzitsa pa koleji za mmene gulu limasinthira khalidwe la munthu, ndipo winayo anali mlamu wake, mwamuna wa mng'ono wake, dalaivala wa lole amene mawu ankawamva monga mmene atulukira pakamwa, osachotsera, osawonjezera.

Aphunzitsi anatsika basi cha m'ma naini. Anapeza lole itabwerera chambuyo mpaka kukhudza khonde, Adalaivala akutuluka m'nyumba ndi mipando iwiri pamutu.

"Ena aja ali kuti, Alamu?"

"Ali kwawo."

"Ndikudziwa kuti ali kwawo. Ndikufunsa chifukwa chake."

"Aa, mukanatero. Achimwene akuti msana wawagwira, akazi awo akuwasisita. Mzime akuti tayala la njinga yake laphulika, ndiye mkazi wake sangabwere yekha. Mayi a kunyumba akuti akubwera."

"Nthawi yanji?"

"Sanatchule nthawi. Anangoti, 'Tsogolani, ndikubwera.' Ndawasiya atafunda bulangeti mpaka kumutu."

Aphunzitsi anaika chikwama pazenera n'kupinda manja a bulauzi. Ananena kuti sizinawadabwitse, pakuti zimenezi zili m'mabuku: ntchito ikakhala ya anthu ambiri, aliyense amabweza mphamvu zake poganiza kuti anzake akwanitsa. Akatswiri ena kalekale anapatsa anthu chingwe kuti akoke. Munthu akakhala yekha ankakoka mpaka mitsempha kutuluka m'khosi, koma akakhala asanu ndi atatu, aliyense ankangogwira chingwecho n'kukwinya nkhope.

"Ankakoka chiyani?" anafunsa Adalaivala.

"Chingwe, ndanena kale."

"Kumapeto kwa chingwecho."

"Kunalibe kanthu. Kunali kachipangizo koyezera mphamvu basi."

"Ndiye asanu ndi atatuwo ndi amene anali anzeru. Wayekhayo analibe womuuza kuti palibe chimene chikubwera."

"Mfundo si imeneyo, Alamu."

"Ine munthu atandipatsa chingwe chopanda galimoto kumapeto, sindingavule ndi jekete yomwe."

Anayamba ndi kabati ya mbale, ija yamagalasi imene malemu Bambo anabweretsa Mzime, mwana womaliza, akadali wamng'ono. Adalaivala anagwira kutsogolo, Aphunzitsi kumbuyo. Atafika pakati pa balaza, Adalaivala anaima, thukuta likutsika pamphuno.

"Alamu, gulu limayambira pa anthu angati?"

"Awiri. Bwanji?"

"Ndangofuna kudziwa. Mbali yanu yonse yabwera kuno kwa ine."

"Ndikunyamulatu ine."

"Mwagwira. Nkhope mwakwinyanso bwino."

Kabati itakwera m'lole, pakhoma pamene inakhala zaka zonsezo panaonekera timizere ta pensulo. Unali msinkhu wa ana anayi, chaka ndi chaka, m'zilembo zopendekeka za Bambo. Aphunzitsi anaima pamenepo nthawi yaitali. Anaika chala pa kamzere kawo komaliza, kamene kankawafika paphewa.

"Mukulira, Alamu?"

"Ndi fumbi."

"Fumbi la m'nyumba muno ndi loopsa. Mayi a kunyumba linawalowa tsiku la msonkhano lija, mpaka dzulo likuwatulutsabe misozi."

"Mng'ono wanga akulira? Akuliranji?"

"Akuti safuna kuti Amayi asamuke."

Msonkhano umenewo unachitika masabata atatu m'mbuyomo, pabalaza lomwelo. Amayi anali ataterereka m'bafa n'kuvulala chiuno pang'ono, ndiye Achimwene, mwana woyamba, anaitana ana onse anayi pamodzi ndi akazi ndi amuna awo. Amayi anawapempha kuti akapume kuchipinda, poopa kuti nkhaniyo ingawapweteke mtima. Achimwene ananena kuti munthu wamkulu sangakhalenso yekha, ndipo kuti nyumba ya Aphunzitsi ndi imene ili pafupi ndi chipatala. Anafunsa amene akuvomereza. Manja asanu ndi awiri anakwera, msonkhano unatha tiyi asanazizire.

"Koma anakweza dzanja," anatero Aphunzitsi. "Ndinamuona ndi maso angawa."

"Akuti anakweza ataona kuti inu mwakweza."

Aphunzitsi anapukuta maso, nkhope n'kuwala ngati munthu amene wapeza chitsanzo chabwino cha m'kalasi. Ananena kuti mng'ono wawo ndi mmene alili kuyambira ali mwana, amayenda kumene kwayenda anthu. Anakhazika Adalaivala pakatoni n'kuwafotokozera za kafukufuku wina wotchuka. Munthu ankamulowetsa m'chipinda momwe muli anzake angapo, n'kuwaonetsa onse mizere itatu, wautali, wapakati ndi waufupi, kuti anene umene ukufanana ndi mzere wachinayi. Yankho linali loonekeratu, koma anzakewo ankatchula lolakwika mmodzimmodzi, ndipo anthu ambiri ikafika nthawi yawo ankameza malovu n'kutchulanso lolakwika lomwelo.

"Analibe tepi yoyezera?"

"Sipankafunika tepi. Ndati zinali zoonekeratu."

"Ngati zinali zoonekeratu, ankafunsiranji?"

"Kuti aone ngati munthu angatsutse gulu."

"Ndiye anzakewo anali akhungu?"

"Iyayi. Anachita kuwauza kuti aname."

Adalaivala anapukusa mutu mwachisoni. "Wolakwa ndi amene anasonkhanitsa abodza onsewo m'chipinda chimodzi. Munthu wa Mulungu uja anangowalemekeza." Anakanda chibwano. "Nanga inu, Alamu, munakweza poona ndani?"

"Ine sindikweza dzanja poona munthu. Ine ndimaganiza."

"Munaganiza mukuyang'ana Achimwene."

"Sindinawayang'ane."

"Ine ndinakhala pakhomo, ndinkaona onse. Munayang'ana kumanzere kuli Achimwene, munayang'ana pansi, kenako dzanja linakwera mpaka apa." Anaonetsa pakhutu. "Ngati munthu woimitsa basi imene sakufuna kukwera."

"Ndinkayang'ana wotchi."

"Wotchi inali pakhoma la kumbuyo kwanu. Ndaichotsa ndekha m'mawa uno. Ndiponso inaima chaka chatha."

Aphunzitsi anadzuka n'kutenga foni. Anati awaimbira Achimwene pompano, Adalaivala amve ndi makutu awo kuti chigamulocho chinachokera m'mutu mwa anthu oganiza, osati m'manja mwa anthu oonerana. Anatsegula sipikala kuti onse amve.

Achimwene anayankha ndi mawu amphamvu, kenako anakumbukira msana n'kubuula. Atafunsidwa zifukwa zimene anaganizira zosamutsa Amayi, anaulula. Anati iwo monga mwana woyamba anangoitchula nkhaniyo kuti pasadzakhale wonena kuti Amayi anagwa ana osachitapo kanthu. Ankayembekezera kuti wina akana, makamaka Aphunzitsi amene amatsutsa chilichonse, kuphatikizapo mtundu wa makatani. Akanakana mmodzi yekha, bwenzi atagwirizana zongoika zitsulo zogwirira m'bafa n'kupeza munthu wodzacheza ndi Amayi masana. Koma asanamalize n'komwe kufunsa, dzanja lina linakwera msangamsanga, lowongoka ngati mlongoti, ndipo iwo anaganiza kuti anthu anali atakambirana kale kumbali. Anachita manyazi kutsalira pa nkhani imene anaiyambitsa okha, ndiye anakweza lawo.

"Dzanja la ndani?" anafunsa Aphunzitsi.

Achimwene anati linali la munthu amene anakhala pakhomo.

Aphunzitsi anadula foni n'kutembenuka pang'onopang'ono. Adalaivala anali akumata katoni ndi selotepi.

"Alamu."

"Ee."

"Ndinu munayamba kukweza dzanja?"

"Ndine."

"Inu mumafuna kuti Amayi asamuke?"

"Ine ndimafuna kutuluka."

"Kutuluka?"

"Ndinakumbukira kuti ndasiya magetsi a lole oyaka. Achimwene ananena poyamba penipeni kuti wofuna kulankhula akweze dzanja. Ndinakweza. Iwo anati, 'Mmodzi.'"

"Mutaona ena akukweza, simunadabwe?"

"Ndinati mwina tonse tikufuna kutuluka. Msonkhanowo unali wotentha."

Aphunzitsi anakhala pansi pa matiresi opinda, manja kumutu. Anafunsa chifukwa chake Adalaivala sanatsitse dzanja atazindikira kuti ndi voti. Adalaivala anati anazindikira pa munthu wachinayi, koma Achimwene anali atalamula kuti manja akhale m'mwamba mpaka amalize kuwerenga, ndipo tsiku limenelo anavala jekete ndi tayi. Munthu wa tayi akanena kuti dzanja likhale m'mwamba, limakhala m'mwamba.

"Zimenezonso zili m'mabuku," anatero Aphunzitsi motsitsa, ngati munthu wodandaula kwa dokotala. "Anthu amamvera chovala. Munthu wovala chikhothi choyera anauza anthu wamba kuti azidina batani lopweteka mnzawo ndi magetsi, ndipo ambiri anadinabe, mnzawoyo akukuwa."

"Anapsa?"

"Iyayi, magetsiwo sanali enieni."

"Anga anali enieni. Batire inatheratu."

"Simukumva zimene mwachita? Banja lonse lazula mayi wathu m'nyumba yake chifukwa cha batire ya lole. Ndiponso inu simunayenere kuvota. Nkhani imeneyi ndi ya ife ana. Inu ndinu obwera."

Adalaivala anasiya selotepi. Sanakwiye. Anangofuna kumvetsa.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ana atatu, ndikadali kubwerabe?"

"Mukudziwa zimene ndikutanthauza."

"Sindikudziwa, n'chifukwa chake ndikufunsa. Pa kabati paja ndinali wa m'banja. Pa dzanja ndine wobwera. Nanga pa firiji ndikhala ndani? Mundiuziretu, chifukwa firijiyo ndi yolemera."

Aphunzitsi anadziwa kuti zimenezonso zili m'mabuku, mutu wonse wa "ife" ndi "iwo", ndipo anali atauphunzitsa Lachitatu lomwelo. Anapepesa mwachidule, moyang'ana kumbali, n'kunena kuti ngakhale chinayamba molakwika, chigamulo ndi chigamulo ndipo ndi chabwino. Anawerenga zifukwa pa zala: chipatala, bafa, masitepe a pakhonde, ukalamba. Anati anyamule firiji.

Anaikankha mpaka pakati pa khonde lam'kati. Pamenepo anayenera kudutsa pa chitseko cha chipinda cha Amayi, chimene chinali chotseka. Chifikire Aphunzitsi sanagogodepo. Ankadziuza kuti akupatsa Amayi mpata wotsanzikana ndi chipinda chawo, koma zoona zake n'zakuti sankadziwa kuti awayang'ana bwanji. Anadutsa monyang'ama, firiji ikulira pansi ngati mbuzi.

Atafika panja, Adalaivala anatsamira firiji ija n'kupuma.

"Alamu, mwandiwerengera chipatala, bafa, masitepe. Koma inuyo mukufuna kuti Amayi asamuke?"

"Funso limenelo lili ndi mbali zambiri."

"Lili ndi ziwiri. Wapolisi akakuimitsa pamsewu n'kufunsa ngati uli ndi laisensi, suyamba kumuuza mbiri ya msewu."

"Chimene ndikufuna ine si chofunika."

"Ee kapena ayi."

"Aliyense woganiza bwino angaone kuti..."

"Ameneyo si ee."

Aphunzitsi anakhala pa sitepe ya khonde. Anayang'ana bwalo, chingwe choyanikira zovala, dramu lakale la madzi limene onse anayi anagweramo nthawi zosiyanasiyana. Atayamba kulankhula, mawu a m'kalasi aja anali atachoka.

Anati ayi, sakufuna. Si chifukwa cha chipinda cha mabuku chimene anachikonza kuti Amayi azigonamo, ngakhale kuti anachikonza akulira. N'chifukwa chakuti Amayi akachoka m'nyumba muno, sipadzakhalanso malo padziko pamene anayiwo amasanduka ana. Kuno n'kokha kumene Achimwene amavula tayi n'kugona pa sofa pakamwa pali yasa. Ndipo Amayi, munthu amene amadziwa kulira kwa chitseko chilichonse m'nyumba muno, akatani m'kachipinda koyang'ana khoma la anthu ena? Anati pa msonkhano paja mawu akuti ayi anafika pakhosi, koma anaganiza mmene zikanamvekera: wophunzira uja, amene alibe ana, amene ali ndi chipinda chongosungira mabuku, wakana kusunga mayi ake. Anaona dzanja la Achimwene, anaona maso a azilamu ake, dzanja lake linakwera lokha.

"Mpaka apa," anatero Adalaivala, akuonetsa pakhutu.

"Mpaka apo."

"Ndiye munatsatira gulu."

"Sindinatsatire gulu. Ndinaganizira mmene zinthu zinalili."

"M'mabuku amazitcha chiyani zimenezo?"

Aphunzitsi anatambasula dzanja. "Ndipatseni foni yanga, Alamu."

Ananena kuti matenda amenewa mankhwala ake alipo. Gulu likagwirizana chinthu chimene palibe akuchifuna, umafunsa munthu aliyense payekha, kumene sangaone dzanja la mnzake. Anayamba ndi mng'ono wawo, amene anayankha ali m'bulangeti momwemo, n'kulira mokondwa. Anaimbira Mzime, amene anaulula kuti njinga yake ili bwinobwino, kungoti sakanatha kuona kabati ikutuluka. Akazi a Achimwene anati iwo chikhalire ankadziwa kuti n'zolakwika. Mkazi wa Mzime anati iye anakweza dzanja lamanzere, kusonyeza kuti mtima sunali pamenepo. Pasanathe mphindi makumi awiri, banja lonse linali litagwirizana kuti Amayi sasamuka.

Aphunzitsi anabweza foni m'chikwama mwaulemu waukulu.

"Mwaona? Aliyense payekha, mwaufulu."

"Ndaona. Koma mumawafunsa bwanji paja?"

"Ndimawafunsa maganizo awo."

"Mumati, 'Ine ndasintha maganizo, Achimwene asinthanso, wina aliyense wasintha, iwe ukuti bwanji?'"

"Ndimawapatsa chithunzi cha nkhani."

"Si za mizere zija zimenezi?"

"N'zosiyana."

"Zasiyana pati?"

"Ulendo uno tikulondola."

"Ulendo uja tinkalondolanso, mpaka cha m'ma teni."

"Alamu, tsitsani katundu. Inunso mwavomera, eti?"

"Ine sindikwezanso dzanja m'banja lino. Mundiuze chonyamula basi."

Anabweza zonse. Firiji inalowa ikulira monga inatulukira. Mipando inabwerera m'malo mwake, tebulo, makina osokera, wailesi yaikulu ya Bambo imene sinalankhulepo kwa zaka khumi koma aliyense ankaipukuta. Ulendo uno Aphunzitsi ananyamula ndi mphamvu zenizeni, mpaka Adalaivala ananena kuti gulu lachepa. Makatoni khumi ndi anayi omangidwa bwino, olembedwa pamwamba kuti mbale, nsalu, mankhwala, anawaunjika pabalaza. Aphunzitsi anayamikira mng'ono wawo kuti ngakhale ndi wolira, kulongedza amakutha. Pamene kabati inafika pakhoma pake, dzuwa linali pamutu, ndipo onse awiri malaya anali atamatirira kumsana.

"Tsopano tikawauze Amayi," anatero Aphunzitsi, akukonza tsitsi. "Akondwa bwanji. Kodi za kusamukazi anawauza ndani? Achimwene?"

"Achimwene anati muwauza ndinu, poti akupita kwanu."

"Ine ndinkati awauza Achimwene, poti ndi aakulu."

"Mayi a kunyumba ankati awauza Mzime, poti ndi wokondedwa."

"Nanga Mzime?"

"Mzime ankati nkhani zikuluzikulu samuuza, ndiye nayenso sauza anthu."

Nkhope ya Aphunzitsi inagwa. Anthu asanu ndi awiri, masabata atatu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhala pansi ndi Amayi. Ndiye kuti mayi wokalamba wadzuka m'mawa n'kumva katundu wake akukokedwa kunja kwa chitseko, osadziwa chifukwa. Anathamangira kuchipinda. Anagogoda pang'ono, kenako mwamphamvu, kenako anatsegula.

Bedi linali lopanda nsalu. Makatani anali atachotsedwa, kabati ya zovala ili pululu, pansi posesedwa bwino. Munalibe munthu.

Aphunzitsi anayang'ana m'bafa. Anayang'ana kukhitchini ndi kuseri kwa nyumba. Anabwerera pabalaza akupuma mofulumira, akunena zoimbira achipatala, apolisi, anthu oyandikana nawo. Anapeza Adalaivala atakhala pa sofa, akumwa madzi.

"Mukufuna Amayi?"

"Nanga ndikufuna ndani?"

"Ali m'lole."

"M'lole muti? Tatsitsa zonse."

"Kutsogolo. Mpando wa pazenera. Anakwera seveni isanakwane."

"Maola asanu? Bwanji osandiuza?"

"Simunafunse. Ndiponso anati ndisawasokoneze mpaka titanyamuka."

Adalaivala anafotokoza mosafulumira. Tsiku la msonkhano lija, onse atabalalika, iwo anatsala pabwalo kudikira mnzawo wobweretsa batire ina. Amayi anatuluka ndi tiyi n'kufunsa kuti msonkhano unali wa chiyani. Iwo anayankha, poti anafunsidwa. Amayi anangofunsa tsiku, kenako anafunsa ngati lole ili ndi lamba wa pampando. Makatoni khumi ndi anayi aja Amayi anawalongedza okha, limodzi patsiku.

Aphunzitsi anazungulira lole mpaka kutsogolo, kumene sanafikeko tsiku lonse. Amayi anali pamenepo, m'diresi lawo labwino kwambiri, lamba atamanga kale, chikwama pamiyendo, fulasiki ya tiyi pambali. Ankaluka chipewa chimene chinali chitatsala pang'ono kutha. Anatsitsa galasi theka.

"Mwachedwa," anatero.

"Amayi, tsikani. Tili ndi nkhani yabwino. Simusamukanso. Tagwirizana tonse."

"Nonse?"

"Tonse asanu ndi awiri."

"Asanu ndi mmodzi," anatero Adalaivala kumbuyo.

Amayi anaika zoluka pamiyendo. Anafunsa kuti agwirizana liti. Aphunzitsi anati m'mawa womwewo, pa foni. Anawonjezera kuti palibe amene ankafuna kuwachotsa m'nyumba yawo yokondedwa, kuti zinangochitika, kuti nyumba imeneyi ndi mtima wa banja lonse ndipo onse amaikonda.

Amayi anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako ananena modekha kuti denga la chipinda chawo lakhala likudontha nyengo zisanu ndi ziwiri za mvula, ndipo amagona ndi beseni kumapazi. Kuti atagwa m'bafa muja anakhala pansi maola awiri akuitana, ndipo chimene chinayankha ndi firiji yokha. Kuti pali masiku amene amafika madzulo asanalankhule ndi munthu, moti amayamba ayesa kaye mawu asanayankhe foni. Kuti chimwalirire Bambo akhala akudikira kuti mwana mmodzi anene kuti tiyeni kwathu, ndipo sanapemphe chifukwa ankaona kuti onse amaikonda nyumbayi kwambiri.

"Mumaikonda pa foni," anatero. "Ine ndimagonamo."

Aphunzitsi anagwira dzanja la mayi awo pa galasi, ndipo Amayi analifinya pang'ono, mokoma mtima.

"Koma Amayi," anatero Aphunzitsi potsiriza, "katundu yense tamubwezera m'nyumba."

Amayi anayang'ana nyumbayo, anayang'ana mwana wawo, n'kutambasula chikhatho.

"Wachita bwino, ukhala ndi pogona. Poti ukuikonda chonchi, tsalamo iweyo. Ndipatse makiyi a kwako."